Ana a akavalo akutsokomola ndi kutuluka mamina, kodi ndiwabaye mankhwala?

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina woyang'anira famu kufupi ndi Chipata:

"Pa famu yathu tili ndi akavalo 8 ndi abulu 4 okoka ngolo. Kumayambiriro kwa Juni tinabweretsa kavalo wa chaka chimodzi kuchokera ku Lusaka, ndipo sabata yomweyo tinaletsa kuyamwa ana a akavalo awiri, wina wa miyezi 5, wina wa miyezi 6. Patapita masiku ngati 8 onse awiri anayamba kutuluka mamina amadzimadzi, kutsokomola apo ndi apo, ndi kudya monyinyirika. Tsopano mamina a wamng'onoyo asanduka achikasu. Mlendo uja sakuoneka kudwala. Tilinso ndi kavalo wamkazi wa bere la miyezi 8. Wantchito wathu akuti tiwabaye teramaisini amene timabaya ng'ombe. Kodi ndi matenda anji amenewa, ndipo tichite chiyani?"

Bambo, zikomo kwambiri polemba mwatsatanetsatane chonchi, ndipo mtima wanu ukhale m'malo. Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi chimfine cha ana a akavalo, chimene chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa vairasi, ndipo pa zaka zimene ndakhala pa ntchito ya ziweto ndaona kuti ana ambiri otere amachira okha m'masabata awiri kapena atatu, malinga apatsidwe mpumulo, madzi abwino ndi malo opanda fumbi. Amene ndawaona akufa kapena kutsala ndi chifuwa chosatha ndi amene eni ake anapupuluma: anawabaya mankhwala osayenera, anawathamangitsa asanachire, kapena anachedwa kuzindikira kuti matenda atsikira m'mapapo. Choncho botolo la teramaisinilo liyambe labwerera pa shelefu. Chida chimene chikufunika lero ndi choyezera kutentha thupi, ndipo chiweto chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi kavalo wa bere uja, kuposa ana awiriwo.

Pa msinkhu wa miyezi 4 mpaka chaka, kachilombo kamene kamayambitsa chimfine kawirikawiri ndi ka banja la herpes ya akavalo, makamaka mitundu iwiri imene madokotala amaitcha EHV-4 ndi EHV-1. Tizilomboti tili paliponse pamene pali akavalo padziko lapansi, ndipo akavalo ambiri amatitenga akadali aang'ono. Khalidwe lake ndi lakuti kavalo akachira, kachilombo sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha ya kumutu ndi m'zigawo za chitetezo cha thupi, kali phee, mwina kwa moyo wonse wa kavaloyo. Tsiku limene kavaloyo wapanikizika, monga pa ulendo wautali, posinthidwa khola kapena polimbana ndi anzake atsopano, kachilomboko kamadzuka n'kuyamba kutuluka m'mphuno ngakhale mwini wakeyo akuoneka wathanzi. N'chifukwa chake musadabwe kuti mlendo wanu sakudwala. Wayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road ali chiimire m'lole, wafikira pakati pa akavalo osawadziwa, ndipo n'zotheka ndithu kuti ndiye anabwera nako. Masiku 8 amene mwatchula akugwirizana ndi matendawa, chifukwa zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 2 ndi 10 chitengereni kachilombo. Komabe musamuweruze yekha, popeza amayi a anawo akhoza kukhala kuti anali nako kale, ndipo kulekanitsidwa ndi ana awo kunakadzutsa.

Chifukwa chimene agwidwira ana okha chili pa mkaka. Mwana wa kavalo amabadwa asanalandire chitetezo kwa mayi wake, ndipo amachilandira kudzera mu mkaka woyamba wachikasu uja, umene matumbo ake amaulowetsa bwino m'magazi m'maola 12 oyamba, mwayiwo n'kutheratu pofika maola 24. Chitetezo chobwerekachi chimanka chichepa, ndipo pofika miyezi 4 mpaka 6 chimakhala chatsala pang'ono kutha pamene cha mwini wake chisanakhwime. Pa nthawi yovuta imeneyi panagwa zinthu zitatu m'sabata imodzi: kuletsa kuyamwa, kufika kwa mlendo, ndi chisanu cha Juni, pamene msipu wauma ndipo akavalo amaunjikana m'khola usiku. Sindikunena izi mokudzudzulani, chifukwa mafamu ambiri amachita chimodzimodzi, poti mvula ikatha ndi pamene misewu imayendeka.

Pali kachilombo kena koyenera kukaganizira, ka fuluwenza ya akavalo, kotchedwa H3N8. Fuluwenza imasiyana ndi herpes pa liwiro ndi ukali. Imaoneka patangopita tsiku limodzi mpaka atatu, imagwira pafupifupi kavalo aliyense wopanda katemera, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, thupi limatentha mpaka madigiri 41, ndipo chifuwa chake ndi chouma, champhamvu ndi chobwerezabwereza moti munthu amachimva ali kutali ndi khola. Ku South Africa inabuka mu 1986 ndi mu 2003, kuyambira pa akavalo obwera kuchokera kunja, ndipo mu 2018 ndi 2019 inapha abulu ambirimbiri ku Nigeria, Niger ndi Senegal, chifukwa pa abulu imakula kuposa pa akavalo. Poona kuti kwa inu akuluakulu ali bwino, fuluwenza sindikuiika patsogolo, koma khola lonse likayamba kutsokomola m'masiku awiri atatu akubwerawa, a vetenale adziwe tsiku lomwelo. Palinso mavairasi ena, a rhinitis ndi adenovirus, amene kawirikawiri amabweretsa chimfine chopepuka, ndipo chisamaliro chake n'chomwechi.

Matenda amene dokotala aliyense wa ziweto m'chigawo chino cha Kum'mawa ayenera kuyamba watsimikiza kuti si amenewo asananene kuti ndi chimfine wamba, ndi African horse sickness. Nawonso ndi a vairasi ndipo amagwira mapapo, koma safalikira kudzera m'mamina. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma totchedwa Culicoides, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'matope osakanikirana ndi ndowe ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi m'bandakucha. Mbidzi zimasunga kachilomboka osadwala, ndipo ife tili pafupi ndi chigwa cha Luangwa kumene kuli mbidzi. Abulu a kuno nawonso nthawi zambiri sadwala kwenikweni, koma mwa akavalo 100 alionse opanda chitetezo amene agwidwa, pakati pa 70 ndi 95 amafa. Nyengo yake yeniyeni ndi kumapeto kwa dzinja, choncho mu Juni chiopsezo chachepa, ngakhale kuti pa famu ya m'mbali mwa dambo kapena damu sindingachitaye konse. Yang'anani pamwamba pa maso a anawo. Kavalo aliyense ali ndi timaenje tiwiri pamenepo, timene timagwedezeka akamatafuna. Timaenje timeneti tikadzaza n'kutukumuka, zikope zikatupa, kapena kavalo akaima atatangadza miyendo yakutsogolo, khosi atalitambasula, thukuta likuyenderera, akupuma movutikira ndipo thovu likutuluka m'mphuno, pamenepo mwatsala ndi maola ochepa chabe.

Tsopano za choyezera. Cha manambala chogulidwa ku famase chimakwanira bwino, bola chikhale cha ziweto zokha. Munthu mmodzi agwire mwanayo kumutu modekha atamuimika m'mbali mwa khoma. Inu muime pambali pa ntchafu yake, thupi lanu litamukhudza, osati kumbuyo kwenikweni kumene theche limafika. Pakani Vaseline pang'ono kunsonga, tukulani mchira n'kuukhotetsera kumbali, lowetsani choyezeracho kotulukira ndowe mochipendeketsa pang'ono kuti chikhudze mnofu, chifukwa chikalowa pakati pa ndowe chimanama, ndipo musachisiye mpaka chilire. Kavalo wathanzi amakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ndipo mwana wamng'ono akhoza kufika 38.9 popanda vuto. Kuyambira 39 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi latentha. Yezani akavalo onse m'mawa ndi madzulo, kuyambira athanzi kutsirizira odwala, mukutsuka choyezera pakati, ndipo lembani m'kabuku, chifukwa kayendedwe ka manambala kamauza dokotala zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi. Chimfine cha vairasi chimatenthetsa thupi masiku ochepa, kawirikawiri osapitirira sabata, ndipo EHV-1 imakonda kutenthetsa, kutsika, n'kukweranso pakapita masiku angapo. Werenganinso kapumidwe poyang'ana nthiti mwanayo ali chiimire pamthunzi. Kavalo wamkulu amapuma ka 8 mpaka 16 pa mphindi imodzi, mwana amafulumirako, koma wa msinkhu uwu akapitirira ka 40 asanathamange, mphuno zikutambasuka ndipo mimba ikukankha pa mpweya uliwonse, mapapo akhudzidwa.

Anthu ambiri akaona mamina achikasu amati basi jakisoni akufunika, koma mtundu wa mamina pawokha sukwanira kugamulira. Njira ya mpweya, kuyambira m'mphuno mpaka m'mapapo, yakutidwa ndi timaubweya tosaoneka ndi maso timene timagwira ntchito ngati tsache, kusesera fumbi ndi tizilombo kumtunda kuti zituluke. Vairasi imayoyola timaubweya timeneti, ndipo pamatenga pafupifupi masabata atatu kuti timerenso. M'masabata amenewo mabakiteriya amene amakhala kale kukhosi kwa akavalo osavuta, makamaka Streptococcus zooepidemicus, amapeza mpata wochulukana. Akachulukana m'mphuno ndi kukhosi mokha, mamina amalimba n'kusanduka achikasu koma mwanayo akudya, akusewera, thupi silikutentha. Ameneyu amangofunika kumupukuta ndi kumuyang'anira. Akatsikira m'mapapo ndiye chibayo. Thupi limene linali litatsika limatenthanso, kapena limakhalabe lotentha kupitirira masiku atatu anayi, mwanayo amazyolika, amasiya chakudya, chifuwa chimamveka chonyowa ndipo amachita ngati akuopa kutsokomola chifukwa cha ululu. Apa m'pamene maantibayotiki amapulumutsa moyo.

Wantchito wanu akufuna kuthandiza ndi mankhwala amene amawadziwa pa ng'ombe, koma muuzeni bwinobwino chifukwa chake mukukana. Palibe antibayotiki amene amapha vairasi, choncho kubaya mwana wa chimfine chokha sikufupikitsa matenda ngakhale tsiku limodzi. Kuwonjezera apo, teramaisini wokhalitsa m'thupi amene amapangidwira ng'ombe amatupitsa ndi kuwononga mnofu wa kavalo pamalo obayapo, ndipo akhoza kusokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu, kavalo n'kutsekula m'mimba koopsa kumene kumapha msanga kuposa chifuwacho. Dokotala akaona kuti antibayotiki akufunika, kawirikawiri amasankha penisilini kapena trimethoprim-sulfa pa mlingo woyenerana ndi kulemera kwa mwanayo, ndipo masiku onse ayenera kumalizidwa. Penisilini woyera uja amabayidwa mu mnofu mokha. Akalowa mu mtsempha wa magazi kavalo amachita misala, kugwa, mwinanso kufa pomwepo. Otsitsa kutentha monga flunixin ndi phenylbutazone amathandiza mwana kuyambanso kudya, koma pa mwana amene sakumwa madzi okwanira amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, komanso amabisa kutentha kumene mukuyesa kutsatira, choncho aperekedwe ndi uphungu wa dokotala ndipo muziyeza musanapereke. Dexamethasone amafooketsa chitetezo, musamukhudze. Ndipo ndikupemphani kwambiri, pasapezeke wothira mankhwala amadzi, a m'sitolo kapena azitsamba, m'mphuno kapena m'kamwa ndi botolo atamukweza mutu mwanayo, chifukwa madziwo amalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo chovuta kwambiri kuchiza.

Dokotala akabwera adzafufuzanso matenda ena ofanana ndi chimfine, ndipo inunso mukhoza kuyambapo. Papasani pansi pa chibwano, pakati pa nsagwada ziwiri. Pa chimfine cha vairasi anabere a pamenepo amatupa pang'ono chabe; akatupa kwambiri, n'kutentha, n'kupweteka, mwana akuvutika kumeza, mwina ndi strangles, matenda a bakiteriya opatsirana kwambiri amene zotupa zake zimaphulika mafinya ndipo nawonso amabwera ndi akavalo achilendo. Pa ana a mwezi umodzi mpaka miyezi 6 okhala pamalo afumbi pali bakiteriya wa m'dothi ndi m'ndowe wotchedwa Rhodococcus equi, amene amapanga zithupsa m'mapapo mwakachetechete ndipo amafuna mankhwala apadera kwa masabata angapo. Wamng'ono wanuyo akadali mu msinkhu umenewu. Njoka za m'mimba nazo zimatsokomoletsa, chifukwa ana a njoka yaikulu yoyera ya Parascaris amadutsa m'mapapo asanakakhazikike m'matumbo, ndipo abulu amasunga nyongolotsi ya m'mapapo, Dictyocaulus arnfieldi, osaonetsa chizindikiro, n'kupatsira akavalo odya nawo msipu umodzi. Pa famu ya akavalo ndi abulu ngati yanu ndowe za onse ziyezedwe, koma mwana amene sanamwepo mankhwala a njoka chibadwire asapatsidwe mwachisawawa, chifukwa njoka zambiri zikafa nthawi imodzi zimatseka matumbo.

Pa chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, cholimbana nacho chachikulu m'miyezi ino ndi fumbi. Ana awiriwo akhale limodzi, chifukwa kumusiya yekha mwana amene wangolekana ndi mayi wake kumangomuwonjezera nkhawa. Malo awo akhale ndi denga ndi chotchinga mphepo yozizira ya usiku, koma mpweya uziyenda. Khola lotsekedwa ponseponse lonunkha mkodzo limapweteka mapapo kuposa chisanu. Musasese iwo ali momwemo, ndipo wazani madzi pansi musanasese. Udzu wouma uviikidwe m'madzi oyera kwa mphindi ngati 20 usanaperekedwe, gaga anyowetsedwe, ndipo chilichonse chochita chuku, kaya mapesi kaya zotsalira za nsawa, chitayidwe. Chakudya chiziikidwa pansi, chifukwa kavalo akaweramitsa mutu zonyansa za m'njira ya mpweya zimatsika zokha. Ngati muli ndi dimba, udzu wauwisi wodulidwa umakopa mwana amene wataya chilakolako. Madzi asamasowe, ndipo m'mawa mozizira ofunda pang'ono amamwedwa bwino. Mamina ouma muwapukute ndi kansalu konyowa, aliyense kake. Anthu akayamba kutentha tchire, asunthireni kumene utsi sukufika.

Lamulo la mpumulo limene madokotala a akavalo amatsatira ndi sabata imodzi pa tsiku lililonse limene thupi linatentha, ndipo osachepera masabata atatu, chifukwa cha timaubweya tija. Ana anuwo sanayambe kukweredwa koma lamuloli likuwakhudzabe: asaphunzitsidwe chingwe, asathamangitsidwe, asafulidwe, asanyamulidwe pa galimoto mpaka nthawiyo itakwana. Wamkulu aliyense amene angatenthe thupi, ngakhale bulu wa ngolo, lamulo ndi lomweli, ngakhale ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yotuta chimanga ndipo ngolo ikufunika.

Tibwere kwa kavalo wa bere. EHV-4 kawirikawiri imathera m'mphuno ndi kukhosi, koma EHV-1 imalowa m'magazi itabisala m'maselo oyera, n'kukafika ku timitsempha ta magazi ta m'chiberekero. Kumeneko imachititsa kuti nsengwa ilekane ndi chiberekero mwadzidzidzi, kavalo n'kupoloza. Bere la kavalo limatenga pafupifupi miyezi 11, ndipo kupoloza kwa mtundu umenewu kumachitika makamaka kuyambira mwezi wa 7 kupita m'tsogolo, pamene wanuyo ali. Chovuta n'chakuti mayiyo nthawi zambiri satsokomola, satuluka mamina, ndipo sapereka chenjezo lililonse. Kupoloza kumadza patapita masabata awiri, mwinanso miyezi ingapo, chitengereni kachilombo, eni ake ataiwala kale za chimfine cha ana. Nthawi zina mwana amabadwa wamoyo koma wofooka, akupuma movutikira, n'kufa m'masiku oyamba. Ndi maso simungasiyanitse EHV-1 ndi EHV-4 pa ana odwalawo, choncho chitani ngati ndi EHV-1 mpaka labotale inene zina.

Mupatuleni lero lomwe, apite ku mpanda wakutali kwambiri ndi odwalawo ndi mlendo, kumene mphuno sizingakhudzane pa waya, makamaka kumbali imene mphepo imachokera. Apite ndi mnzake mmodzi wofatsa amene anazolowerana naye ndipo sanatenthe thupi, chifukwa kukhala yekhayekha kukhoza kumupanikiza mpaka kudzutsa kachilombo kake komwe. Musamutumize ku famu ina poganiza kuti mukumuthawitsa, popeza ulendowo ndi woopsa kwa iye ndiponso akhoza kukapatsira akavalo a eni ake. Akhale ndi ndowa yake, chomwera chake, chingwe chake, ndipo ngati n'kotheka wantchito wake. Ngati munthu ndi mmodzi, ayambire kwa iye m'mawa, atsirizire kwa odwala, kenako asambe m'manja ndi sopo ndi kusintha ovolosi ndi nsapato. Zikachitika kuti wapoloza, mwana wakufayo, nsengwa ndi madzi ake zimakhala zodzaza ndi kachilombo, choncho agalu ndi akavalo ena asafikepo. Valani magolovesi, ikani zonse m'matumba apulasitiki pamalo ozizira, itanani dokotala atenge zokayeza, ndipo zotsalazo zikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa pamodzi ndi udzu wogonapo. Mayiyo akhale payekha masabata anayi. Akavalo ambiri opoloza chonchi amadzatenganso bere n'kubereka bwinobwino chaka chotsatira.

EHV-1 imabweretsanso vuto lina losaonekaoneka, limene limagwira kwambiri akavalo akuluakulu kusiyana ndi ana. Imawononga timitsempha ta magazi ta mu msana, kavalo n'kuyamba kudzandira miyendo yakumbuyo, kukoka ziboda pansi, mchira kulefuka, mkodzo kumangodontha, mwinanso kulephera kudzuka. Mukaona zotere itanani dokotala nthawi yomweyo, ndipo pasapezeke wolowetsa dzanja m'kamwa mwa kavaloyo, chifukwa kuno kwathu chiweto chilichonse chimene chasintha mayendedwe kapena khalidwe tiyenera kuchiganiziranso chiwewe. Herpes ya akavalo payokha sigwira anthu, choncho antchito anu asaope chimfinechi.

Kunja kwa thupi mavairasi amenewa ndi ofooka. Sopo, dzuwa ndi Jik wosungunula zimawapha, bola muyambe mwachotsa ndowe ndi matope, chifukwa Jik sagwira ntchito pa zonyansa. Pasalowe kapena kutuluka kavalo kapena bulu pa famupo mpaka patapita masiku 21, kapena 28 ngati labotale yapeza EHV-1, kuchokera tsiku limene womaliza anasiya kutentha thupi. Abulu anu muziwayang'anitsitsa mwapadera. Bulu amapirira mopitirira muyezo, satsokomola kawirikawiri ngakhale mapapo atakhudzidwa, ndipo chizindikiro chokha chikhoza kukhala kuima payekha makutu atagwa, akungonunkhiza chakudya osadya. Bulu amene wasiya kudya tsiku lathunthu ali pangozi, chifukwa mafuta a m'thupi mwake amasefukira m'magazi n'kuwononga chiwindi.

Kwa wamng'ono wa mamina achikasuyo, malangizo anga ndi akuti dokotala amuone sabata ino ngakhale akuoneka bwino, amvetsere mapapo ake, poganizira msinkhu wake ndi bere limene lili pa famupo. Musadikire kuti kuche ngati thupi lapitirira madigiri 40 ndipo mwanayo walefuka, ngati kapumidwe kafika pamene ndanena paja, ngati wasiya kumwa madzi, ngati nkhama zake zada kapena zachita mtundu wabuluu, kapena ngati pamwamba pa maso patupa. Yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa kampu yanu kapena ku ofesi ya vetenale ku Chipata, imene ili pansi pa Unduna wa za Nsomba ndi Ziweto. Iwo ndi amene amadziwa njira yotumizira zokayeza ku Lusaka, kumene kuli Central Veterinary Research Institute ku Balmoral ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia. Zokayezazo ndi kathonje kopukutira m'kati mwa mphuno ndi magazi, ndipo zimapereka yankho labwino zikatengedwa m'masiku oyamba thupi likadali lotentha, n'kuyenda pa ayezi. Popeza madokotala ambiri m'chigawo chino amakumana ndi ng'ombe, nkhumba ndi mbuzi kuposa akavalo, musachite manyazi kupempha kuti akambirane pa foni ndi mnzawo wozolowera akavalo.

Chiweto chotentha thupi sichibayidwa katemera, choncho anawo ayambe achira. Kuno kwathu woyamba kuganizira ndi wa African horse sickness. Wopangidwa ndi Onderstepoort Biological Products ku South Africa amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana masabata osachepera atatu, kamodzi pa chaka, m'nyengo yopanda mvula kuti chitetezo chikhale chitakhwima mvula isanagwe mu Novembala, ndipo ana a amayi otemeredwa amayamba pa miyezi 6. M'dzinja akavalo azilowa m'khola dzuwa lisanalowe n'kutuluka litakwera, ndipo powapopera musagwiritse dipi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz, amene amaimitsa matumbo a kavalo. Katemera wa herpes ndi wa fuluwenza amayambidwa cha pa miyezi 6, amabwerezedwa pakapita masabata 4 mpaka 6, kenako miyezi 6 iliyonse kwa akavalo aang'ono ndi oyendayenda. Wa herpes saletseratu kutenga kachilombo koma amachepetsa kudwala ndi kufalitsa, ndipo akavalo a bere amabayidwa wopangidwira iwo pa mwezi wa 5, wa 7 ndi wa 9. Za wanuyu, amene wafika kale mwezi wa 8 ali pafupi ndi odwala, dokotala womuona ndiye agamule. Katemera aliyense ayende m'bokosi lozizira, pa madigiri 2 mpaka 8, kuchokera ku sitolo mpaka pa famu.

Mukamadzagulanso kavalo, funsani buku lake la katemera ndi chilolezo cha a vetenale choyendetsera ziweto musanalipire. Pa msewu lole iziima pakapita maola atatu kapena anayi kuti amwe madzi, ndipo chingwe chikhale chotalika moti akhoza kuweramitsa mutu. Akafika akhale payekha masabata atatu, kutali ndi ana ndi a bere, akuyezedwa kawiri pa tsiku. Kuletsa kuyamwa kuchitike mwezi wina, anawo atazolowera kale kudya udzu ndi gaga ali ndi amayi awo, ndipo muzichotsa amayi mmodzimmodzi, anawo n'kutsala pa mpanda umene anauzolowera.